Khanda la Ndevu

Nikaso anagwada pa mphero dzuwa lisanakwere pa mpanda, akupera balere wa pa ukwati wa mwana wake. Ukwatiwo sankaufuna, koma anthu oitanidwa safunsa ngati mwini phwando wakondwa, amangotambasula dzanja kufuna mkate. Dengu linali lisanatsike n'komwe pamene Filisita, mzamba amene anabadwitsa theka la mudziwo, analowa pa chipata osaodira, mpango utagwera m'khosi, akupuma ngati bulu wokwera chitunda.

"Tasiya kaye mwalawo, mwana iwe."

"Nenani ndikupera, mayi. Makutu sagwira mwala."

"Amuna ako ali ku gombe."

Nikaso anakankha mwanamphero kawiri, n'kusesera ufa m'mbale ndi chikhatho.

"Amuna anga ali pa chitunda. Dzana lomweli ndinakathira mafuta pa chiliza chawo."

"M'manda muja mulibe munthu, ndipo ukudziwa. Mwini wake watsika m'ngalawa ya amalonda a mchere. Ndamuona ndi maso angawa, si zakumva. Wawonda, tsitsi lapita, koma kuyenda kotangadza kuja ngati wasenza phiri ndi komwe kuja. Ndi Tirasilo."

Apa m'pamene mwala unaima.

Pa chilumba pathu pano palibe mwana wosadziwa nyimbo ya Tirasilo. Chaka chimene asodzi anamana mulungu wa nyanja ng'ombe yake ya nsembe, n'kumupatsa nkhosa yotsimphina, mulunguyo anatumiza chilombo chimene chinkaswa mabwato pakamwa penipeni pa doko. Amuna olimba mtima anakwera ngalawa imodzi kukakumana nacho, Tirasilo ataima kutsogolo, mkondo m'manja, akazi akuimba nthungululu pa gombe. Chimene chinabwerako ndi matabwa ndi chishango chake basi. Chilombo nachonso sichinaonekenso. Ndiye woimba zeze wina anasoka nkhani yonse: akuti Tirasilo analowa yekha kukamwa kwa chilombocho n'kuchilasa mtima ali m'kati. Anamumangira manda opanda mtembo. Nikaso anameta tsitsi, anaima pa gombe n'kuitana dzina lake katatu monga mwa mwambo, kuti mzimu upeze njira. Kuyambira pamenepo anyamata opita pa nyanja amayamba akhudza chiliza chake, ndipo akazi apakati amasiyapo timikate ta uchi kuti abereke ana aamuna onga iyeyo.

Nikaso anatsala ndi munda wa azitona wa pa miyala, mbuzi zokonda kulumpha mpanda, ndi Mirito, kamwana kamene kanali kakuguluka kumene mano a kutsogolo. Nyimbo simwetsa mbuzi. Anadulira mitengo yekha, anayenga mafuta yekha, chaka cha chilala anadya makoko a nyemba kuti mwana adye nyembazo. Palibe woimba zeze anabwera kudzafunsa za zimenezo, ndipo akanabwera akanapatsidwa mtsuko kuti akatunge madzi. Nyimbo zathu zonse zimayenda choncho. Mwamuna wina anapha njoka ya mitu yambiri, wina anatsikira kwa akufa n'kubwerako wamoyo. Akazi m'nyimbomo amangolira pamwamba pa linga, apo ayi asanduka mtengo. Amene ankaphikira ana nthawi yonseyo satchulidwa.

Tsono lamulo ndi lamulo. Munthu akafa osasiya mwana wamwamuna, munda umatsata mwana wamkazi, ndipo mwana wamkaziyo amakwatiwa ndi m'bale wa bambo ake, kuti mundawo usatuluke m'banja. M'baleyo anali Kitesoni, mkulu wake wa Tirasilo, munthu wa imvi ndi m'makutu momwe, amene anali ataika kale akazi awiri. Wachiwiriyo anamusambitsa ndi Nikaso yemwe, ndipo zimene anaona pa nthiti za mtembowo sanauze munthu. Kitesoni anadikira Mirito zaka zonsezi monga mmene munthu amadikirira nkhuyu ya pa mpanda, kumadutsa, kumayang'ana m'mwamba. Tsopano mwana anali atatha msinkhu, ndipo ukwati unali woti uchitike mwezi ukangokhala wathunthu, masiku owerengeka chabe.

Ndiye tisanamizane. Nikaso atamva kuti mwamuna wake ali moyo, mtima sunadumphe ndi chikondi. M'mutu munabwera chinthu chimodzi chokha: mwana amene bambo ake ali moyo, lamulo silimugwira.

"Ali kuti? Bwanji sanafike kuno?"

"Afike bwanji, munthu tinamulira maliro? Tinamupereka kwa eni ake a pansi, analandira. Ku gombe anthu angopatuka ngati kukudutsa wakhate, wina mpaka wavundikira mtsuko. Salowa m'nyumba, sayandikira chitsime, ndipo pa bwalo mawu ake ndi mphepo. Pokhapokha atabadwanso."

Mwambo umenewo Nikaso ankaudziwa mwa kumva chabe. Filisita anaufotokoza mwachidule ngati akunena kaphikidwe ka nyemba. Munthuyo amavula pamaso pa mudzi wonse, n'kukwawa kudutsa pakati pa miyendo ya mkazi amene anaberekapo. Mzamba amamusambitsa, amamudzoza mafuta, amamukulunga m'nsalu mpaka m'khosi, n'kumuika ku bere. Asatulutse liwu lililonse la munthu wamkulu. Ndipo alire, mudzi wonse umve, chifukwa khanda losalira ndi lakufa.

"Vuto ndi mayi wake," anatero Filisita. "Amene anamubereka anatisiya kalekale. Ndipo mkazi amene angamubereke tsopano akhala mayi wake mpaka imfa. Mphasa imodzi sagonanso."

"Ndimubereka ine."

"Wamva zimene ndanenazi?"

"Ndamva. Pa mphasa paja ndinazolowera kugona chotambalala."

Nikaso anasasa ufa m'manja, nauyamba wa ku chitunda, poti ankadziwa kumene munthu wotere angayambe kupita. Pa chitsime akazi anasiya kulankhula atamuona. Wina anamuthamangira kuti amugwire dzanja, akuti wodala ndiwe mnzanga, milungu yakukumbukira. Nikaso anangoti zikomo osaima. Iye ankakumbukira zina. Ankakumbukira mmene Tirasilo anazungulira bwalo atasenza mwana wa ng'ombe pa tsiku la chikondwerero, anthu akukuwa dzina lake. Ankakumbukiranso tsiku limene kamwana kawo kakamuna kanazizira m'manja mwake ndi malungo, mwamunayo n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti makoka ake akufunika kuwaona kutsidya. Anabwerako dzenje atakwirira kale. Munthu wotere sumamupempha zambiri. Umamupempha chinthu chimodzi, chaching'ono, ndipo umaima pompo mpaka achite.

Anamupeza atakhala pansi pa mkuyu moyang'anana ndi manda ake, akudya timikate ta uchi ta pa chiliza. Nikaso anaima patali pang'ono monga mwambo ukunenera. Anadikira kuti mwina kena kake kagwedezeka m'chifuwa. Chimene anaona n'chakuti zikhadabo za munthuyo zinali zakuda, ndipo malaya ake anasokedwa ndi mkazi wosadziwa kusoka.

"Nikaso," anatero Tirasilo akumwetulira. "Wakalamba."

"Ndimagwira ntchito. Inu akufa ndi amene simukalamba."

"Mwala uwu anautenga kuti? Si wa kuno uwu."

"Unachokera kutsidya. Ng'ombe zinaukoka kuchokera ku doko, imodzi inathyoka mwendo."

"Chilombo achisema bwino ndithu. Koma mkono wanga aufupikitsa."

"Munali kuti, bambo a Mirito?"

Tirasilo anayang'ana ku nyanja n'kuyamba nkhani yaitali ya mafunde ndi milungu, ya mphepo imene inamutengera kutali, ya mfumu ina imene inamukonda kwambiri mpaka kumukaniza kuchoka. Nikaso anamusiya alankhule mpaka mpweya utatha, monga amachitira ndi mwana wobwera ndi mtsuko wosweka.

"Tsopano nenani zenizeni. Ndasiya balere pa mphero."

Zenizeni zinali zazifupi. Msana wa chilombo utatumphuka pa madzi, wautali kuposa ngalawa, mkondo unamupulumuka m'manja. Anadumphira m'madzi mbali inayo atakumbatira nkhafi. Anamva anzake akumuitana. Amalonda ena anamutola kutacha. Amene anapha chilombocho sakumudziwa, kaya chinafa n'komwe. Zaka zonsezi anali ku Korinto, akusenza mitsuko ya eni pa doko, dzina atasintha. Tsiku lina m'nyumba yomwera vinyo amalinyero oledzera anayamba nyimbo, ndipo anamva dzina lake lenileni likutuluka m'kamwa mwa anthu osamudziwa.

"Ndinalira, Nikaso. Amuna akuluakulu kuimirira, zikho m'mwamba, chifukwa cha ine! Ndinati ayi, ndikaoneko ndi maso."

"Ndiye kulira mumatha. Milungu itamandike. Mawa mukalire chomwecho."

Anamuuza za mwambo wobadwanso, za Kitesoni, za ukwati, za mkazi wachiwiri uja ndi nthiti zake. Tirasilo anamvetsera nkhope itagwa, ndipo pa nkhani ya nthitiyo anakunga chibakera n'kumenya pansi, fumbi koboo.

"Mwana wanga? Ine ndili moyo? Ndimuthyola khosi ameneyo!"

"Khosilo lisiyeni. Sindikufuna ngwazi. Ngwazi ndili nayo kale, iyo ili pa mwalayo, ndipo sinandisenzereko dengu ndi tsiku limodzi. Ndikufuna munthu wopuma, woti aime pa bwalo anene kuti mwanayu ndi wanga. Mukatero, kaya mubwerera ku Korinto kwa wosoka malayayo, kamba wa pa ulendo ndikukonzerani ndine."

"Koma maliseche, Nikaso? Pamaso pa anyamata amene amakhudza chilizachi?"

"Inenso ndikavula chifuwa pamaso pa anyamata omwewo. Mukuyesa ndili ndi chooneka?"

"Nanga kulirako n'kokakamiza? Sindingangotsokomola?"

"Ine pobereka Mirito ndinatsokomola?"

Tirasilo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wopanikizidwa ku khoma, kenaka anakweza dzanja n'kulumbira pa mzimu wa mayi ake kuti achita zonse. Ali mkati molumbira, Kitesoni anatulukira m'njira ya m'munda wa mphesa, ndodo m'manja, akuyenda mosapupuluma ngati wobwera kudzaona mbewu. Nayenso anaima patali.

"Moni, mlamu. Ufa uja watha? Alendo ndaitana ambiri." Kenaka anatembenukira kwa Tirasilo n'kumuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu. "Mlendo, mwafanana ndi mng'ono wanga. Munthu wopupuluma akhoza kunena kuti ndinu yemweyo."

"Ndine amene, achimwene."

"Kaya. Mng'ono wanga anali mkango. Analowa kukamwa kwa chilombo maso ali gwa, funsani mwana aliyense. Mukakhala kuti ndinudi, ndiye kuti mwalawu tiugwetse, tikaseme chodyera nkhumba. Ndipo akazi amasiye a anzanu aja ali ndi mafunso, akhala akuwasunga zaka zonsezi. Mmodzi mwana wake ndi wosula zitsulo tsopano, mikono ngati mitanda ya denga." Anakanda ndevu. "Koma mukakhala mlendo chabe wosochera, palibe mlandu. Ngalawa ya mchere ija inyamuka mawa masana. Mwini wake ndi mnzanga."

"Alamu," anatero Nikaso, "kadikireni nkhuyu ina. Iyi ili ndi mwini."

Kitesoni anaseka, anakhudza chiliza ndi nsonga za zala monga amachitira anyamata, n'kumapita. Tirasilo anayang'anitsitsa munthu wosemedwa pa mwalayo.

"Nyimbo ija kuno mumaimba yonse?" anafunsa. "Ku Korinto amadumpha pakati."

Nikaso anamufulatira. Anatsika chitunda mawondo akumupweteka.

Madzulo ake anatulutsa nsalu zofunda zimene analowa nazo m'banja, n'kuyamba kuzing'amba mizeremizere, poyambira akuluma ndi mano. Khanda la msinkhu umenewo limadya nsalu. Mirito anakhala pa khomo akukulunga mizereyo, mwana wosalankhulalankhula, wa manja aakulu ngati a mayi ake.

"Amayi, ndi munthu wotani?"

"Wamtali."

"Ayi, ndikunena mtima wawo."

"Amakhala ndi mtima wabwino m'mawa. N'chifukwa chake tikachitira m'mawa."

"Akalira, basi sindipita kwa bambo aakulu?"

"Akalira supita."

"Nanga akapanda kulira?"

"Kulunga bwino iyo, ikumasuka."

Kutacha mudzi wonse unali pa bwalo, ndi a kuseri kwa phiri omwe, ena atakwera pa madenga. Wansembe anaima pafupi ndi guwa atafunda kumutu, akuyang'ana kumbali kuti maso ake asakumane ndi a wakufa. Filisita anayala chikopa cha nkhosa, anaika miyala iwiri yopondapo wobereka, mphika wa madzi ofunda ndi nsupa ya mafuta. Akazi amasiye a amuna a m'ngalawa ija anaima kutsogolo pamodzi, osaseka.

Tirasilo anabwera. Zimenezo tisamulande, anabweradi. Anavula malaya, ndipo anthu anaona ngwazi yawo: nthiti zowerengeka, kamimba kolendewera, mapewa okhakhala ndi kusenza katundu wa eni. Anyamata anayang'ana pansi. Akazi ndi amene anayamba kuseka, poti pa uchembere pamasekedwa, ndi mwambo, kuti mizimu yoipa iyese palibe chachikulu.

Nikaso anakwera pa miyala, anakwinya chovala mpaka m'mawondo, naima chotangadza akazi awiri atamugwira m'khwapa.

"Limbika, mwana iwe!" anakuwa Filisita. "Kankha!"

Nikaso anabuula. Ankaganiza kuti angoyerekeza, koma kubuulako kunatuluka kwenikweni, kuchokera pansi pa mimba, kwa zaka zonse zija, mpaka agalu anauwa kuseri kwa nyumba.

"Mutu waoneka!" anakuwa mkazi wina. "Wadazi ngati khanda lenileni!"

"Nanga ndevuzo watengera kwa yani?"

"Mimba ya zaka zingati imeneyi, anthuni? Nikaso, unkayenda nayo bwanji?"

"Mzamba, taonetsetsani, ndi wamwamuna kodi? Ife kuno sitikuona bwino!"

Tirasilo anakwawa n'kugwera pa chikopa. Filisita anamusambitsa mosanyengerera, kuseri kwa makutu ndi kwina konse, anamudzoza mafuta, namukulunga zolimba manja ali m'mbali, mpaka panatsala nkhope yokha. Akazi anathandizana kumunyamula n'kumugoneka pa miyendo ya Nikaso, amene anali atakhala pansi tsopano. Analemera ngati thumba la mchere wonyowa. Nikaso anamasula chomangira cha pa phewa, natulutsa bere lake lofota pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa Kitesoni amene anali atatsamira ndodo, naliika pakamwa pa mwamuna wake. Sanaweramitse mutu. Anawayang'ana anthuwo mmodzimmodzi mpaka kuseka kunatha.

Kunatsala chimodzi.

"Lira, mwana," anatero Filisita, namuwomba pa ntchafu.

Zii.

"Lira, iwe! Koyamba kuja unatigonthetsa m'makutu, lero wayamba manyazi?"

Mmodzi wa akazi amasiye aja, wamng'ono pa onse, analankhula mosakweza mawu, koma aliyense anamva. "Akadzayamba kulankhula mwanayo, mudzandiitane. Ndikufuna adzandiuze mmene amuna anga anafera."

Pamenepo Kitesoni anayamba kung'ung'udza nyimbo ija, chapansipansi ngati munthu woiwala kuti ali pa anthu. Mnyamata wina anailandira. Kenaka ena, kenaka amuna a kumbuyo, mwina pofuna kubisa manyazi awo, mpaka bwalo lonse linali kuimba za mkango umene unalowa kukamwa kwa chilombo. Nikaso anamva thupi limene linali pa miyendo pake likuuma gwa.

Anaweramira ku khutu lake. "Lirani, bambo a Mirito. Kamodzi kokha, basi. Uyo wavala chobiriwirayo, pafupi ndi mphika, ndi mwana wanu. Muyang'aneni."

Tirasilo anamuyang'ana mwanayo. Misozi inadzaza m'maso mwake n'kutsikira m'makutu, ndipo Nikaso mumtima anati zatheka. Pakamwa panatseguka. Chifuwa chinakoka mpweya.

"Ndimasuleni," anatero Tirasilo, ndi liwu lake lija lalikulu loimira kutsogolo kwa ngalawa. "Mwalakwitsa munthu. Ine si Tirasilo."

Nyimbo inaduka. Filisita anagwira pakamwa. Khanda linali litalankhula.

"Ndine mlendo, wosenza katundu wa ku Korinto. Njala ndi imene inandinamiza, ndinati ndidyereko pa dzina la ngwazi. Koma sindingathe kuipitsa munthu wotere. Ndinamuona ine! Ndinali m'ngalawa ya amalonda tsiku limenelo, chapatali. Anzake onse anamenya nkhondo mwachamuna, palibe anabwerera m'mbuyo. Ndipo iyeyo, chilombo chitayasama, anaseka. Anaseka, anthu inu, n'kudumphiramo!"

Anthu anapuma ngati atula mtolo. Wina anati, "Ndimanena ine, mphuno si imeneyo." Wina anati za kusekazo n'zatsopano, woimba zeze aziwonjezere. Mkazi wamasiye uja anayang'ana nkhope ya pa miyendo ya Nikaso nthawi yaitali, kenaka anafunda mpango n'kumapita, anzake pambuyo. Mwina nawonso anaona kuti ndi bwino kusunga amuna amene nyimbo inawapatsa.

"Bodza!" anatero Nikaso. Anamukankhira pansi n'kukoka nsalu ya ku phazi. "Chala ichi chinathyoka ndi mwala woyengera mafuta, anachimanga ndine! Mayi Filisita, munamubadwitsa ndinu koyamba, nenani! Alamu, munayamwa naye bere limodzi, yang'anani guwalo munene!"

"Mlamu, fundani," anatero Kitesoni mofatsa. "Pali ana."

Filisita ananena, mokweza ndithu, kuti munthuyo ndi yemweyo, ndipo aliyense waima pamenepo akudziwa. Koma wansembe anali atatembenuka tsopano, poti panalibenso wakufa woti amuope. Anati mawu a akazi awiri sangapose mawu a mwini thupi. Munthu amadziwa yekha kuti ndi yani. Khanda silinalire, ndipo Tirasilo ali kumene wakhala ali, pa chitunda, mu ulemu wake. Mlendoyo amasulidwe, apatsidwe mkate, azipita.

Amuna anamumasula, ena akumusisita pa phewa chifukwa cha kunena zoona. Atavala malaya anayandikira Nikaso, nalankhula motsitsa osamuyang'ana.

"Akanandigenda, Nikaso. Wamuona wosula zitsulo uja? Ndipo mwanayo... ndi bwino akhale mwana wa ngwazi kusiyana ndi kukhala mwana wa ine."

"Mwana wa ngwaziyo akagona kwa Kitesoni."

Tirasilo anatembenuka. Anatsikira ku doko anyamata akumuperekeza, akumufunsa kuti mano a chilombocho anali otani, iye akutambasula manja kuwaonetsa.

Nikaso anamanga chovala pa phewa. Anatola nsalu zake pa fumbi yekha, mzere ndi mzere, poti nsalu ndi nsalu, ikachapidwa imagwira ntchito ina. Anapita kwawo osathamanga, ndipo amene ankakumana naye ankapeza choyang'ana m'mitengo.

Mirito anali atafika kale, atakhala pafupi ndi mphero, maso ouma.

"Anandiyang'ana, amayi."

"Ndinaona."

"Ndiye anandiona ndithu."

"Anakuona."

Filisita anafika pambuyo atanyamula chikopa ndi nsupa yake, naima pa chipata. Ulendo uno sanalowe.

"Mwezi ukaoneka udzapitanso kukathira mafuta pa chitunda?"

"Ndikapanda kupita adzati mkazi wa ngwazi wapenga, n'kundiletsa kuponda pakhomo pa mwana wanga. Ndidzapita. Ndidzathira a nsenga."

Mzamba uja anagwedeza mutu, nayenda ulendo wake. Kunali mkazi wina kuseri kwa phiri amene masiku ake anali atakwana.

Nikaso anaponya nsalu zija pa ngodya, anagwada, nakoka mbale ya ufa.

"Sendera kuno uzindithirira balere. Ndipo utsegule makutu, sindibwereza. Kitesoni akamabwera ataledzera umamvera ndodo, imakhwekhwereza pansi. Ukamva choncho usamapezeke ku ngodya, uzikhala mbali ya ku khomo. Mpeni ndi munsi uzibisa dzuwa lisanalowe. Ndipo njira yobwera kuno ndi ya m'munda wa mphesa, osati ya ku chitsime. Ya ku chitsime anthu amakubweza."

Mirito anatapa balere ndi manja onse awiri n'kuthira pa mwala.

"Wachulutsa. Pang'onopang'ono."

Mwana anachotsako. Nikaso anagwira mwanamphero, anaweramira kutsogolo, nakankha. Dzuwa linali litafika pa mutu, ndipo dengu linali lidakali lodzaza.